Nsomba Kuseri kwa Galasi

Mabanja a kwathu kuno amene apeza mwayi wokacheza ku Durban, ku Cape Town kapena ku London kawirikawiri amapatula tsiku limodzi loti ana akaone nsomba. Abale owachereza ndiwo amayamba kutchula za ulendowo, pakuti mlendo wochokera kutali sasiyidwa kubindikira m'nyumba. Amagula matikiti pakhomo, nalowa m'makonde amdima momwe kuwala kumachokera m'madzi mokha, ndipo kuseri kwa magalasi aatali ngati chipupa amaona shaki ikudutsa mwachifatse, kamba wa m'nyanja akupalasa madzi, ndi tinsomba tamawangamawanga tosawerengeka. Nyumba yotere Azungu amaitcha aquarium. Ya ku Cape Town, yotchedwa Two Oceans, inatsegulidwa m'chaka cha 1995, ndipo ya ku Durban, uShaka Marine World, mu 2004. Poona unyinji wa anthu pakhomo pake, munthu angayese kuti mwambo wokaona nsomba zamoyo ndi wakalekale. Si choncho ayi. Mwambowu sunakwanitse n'komwe zaka mazana awiri, ndipo mbiri yake ikutikhudza ife eni nyanja ya Malawi koposa mmene ambiri timaganizira.

Tiyambe ndi funso looneka ngati lachibwana. Kodi makolo a mitundu yonse ya anthu ankaiona bwanji nsomba? Ankaiona ili mu ukonde, ikuphiriphitha m'bwato, ili pathandala, kapena ikuwira mumphika. Akaiona yamoyo m'madzi, ankaiona chakumsana, iwo ali pamwamba, kamthunzi chabe kothawira pansi pa mwala. Aroma olemera ankaweta nsomba m'maiwe omangidwa m'mphepete mwa nyanja, ndipo Atchaina anayamba kuweta tinsomba tofiirira ngati golide zaka pafupifupi chikwi zapitazo, poyamba m'maiwe, pambuyo pake m'mbiya. Koma onsewa ankasuzumira kuchokera pamwamba. Kuyang'anizana ndi nsomba maso ndi maso, kuona mmene imapumira, mmene imadyera ndi mmene imalondera malo ake, kunali kwa okhawo odziwa kumira, ndipo iwonso kwa kamphindi kochepa kamene mpweya wa m'chifuwa umalola.

Panali zopinga ziwiri. Choyamba, galasi linali lodula. Chachiwiri, madzi osungidwa m'chotengera amaonongeka msanga, ndipo nsomba imafa ngakhale uipatse chakudya chotani. Anthu amene anayamba kulimbana ndi vuto lachiwirili sanali aphunzitsi otchuka a m'masukulu aakulu. Mmodzi anali mayi wa ku France, Jeanne Villepreux-Power, amene anayamba moyo wake monga wosoka zovala nadziphunzitsa yekha za chilengedwe. Atakwatiwa nakakhala ku Messina pachilumba cha Sicily, m'chaka cha 1832 anakonza mabokosi agalasi ndi zitete zomiza m'nyanja kuti aziyang'anitsitsa zamoyo za m'madzi zili moyo. Wina anali Anna Thynne wa ku London, mkazi wa mbusa wa ku Westminster Abbey. Mu 1846 iye anatola makorali amoyo kugombe la Torquay napita nawo kwawo. Popeza kutumiza madzi atsopano amchere kuchokera kugombe kunali kovuta, anapeza njira yotsitsimutsa madzi akale omwewo: tsiku ndi tsiku wantchito wake wa m'nyumba ankawatsanula kuchoka m'chotengera china kupita m'china pafupi ndi zenera lotsegula, kuti mpweya ulowemo. Makoraliwo anakhala ndi moyo kwa zaka. Mabuku amatchula dzina la dona uja, koma mikono imene inkatopa ndi kutsanula madziwo inali ya munthu wina.

Amene analongosola bwino chinsinsi cha madziwo anali katswiri wa mankhwala, Robert Warington. M'chaka cha 1850 anafotokozera anzake a bungwe la Chemical Society za kuyesa kwake. Anaika tinsomba tiwiri tofiirira m'chotengera cha malita pafupifupi 55 pamodzi ndi chomera cha m'madzi. Chomeracho, chikalandira kuwala, chimatulutsa mpweya umene nsomba imafuna, ndipo nsomba imatulutsa mpweya umene chomera chimafuna. Zinthu zinayenda bwino kufikira masamba ena atayamba kuola ndipo ndere itayamba kuphimba madzi. Apo anaponyamo nkhono zingapo za m'madzi, ndipo nkhonozo zinadya zoola ndi ndere, madzi nayera. Tsono kunadziwika kuti munthu sangasunge nsomba yokha. Ayenera kusunga kadziko kathunthu momwe chamoyo chilichonse chimadalira chinzake. Chopinga cha galasi nachonso chinali chitachoka, popeza boma la Britain linathetsa msonkho wa magalasi mu 1845, ndipo mu 1851 anthu mamiliyoni asanu ndi limodzi anakaona chionetsero chachikulu cha ku London m'chinyumba chomangidwa ndi magalasi ndi zitsulo chokhachokha, chotchedwa Crystal Palace.

Mwezi wa Meyi chaka cha 1853, m'munda woonetseramo nyama wa ku Regent's Park mumzinda wa London, munatsegulidwa kanyumba kotchedwa Fish House, ndiko kunena kuti Nyumba ya Nsomba. Imeneyi ndiyo inali nyumba yoyamba pa dziko lapansi yoonetsera anthu wamba zamoyo za m'madzi. Tikaiyerekeza ndi za lero inali yaing'ono zedi: mabokosi agalasi ondandalikidwa pamatebulo ndi m'mbali mwa zipupa, m'nyumba ya denga lagalasi imene inkatentha kwambiri m'chilimwe, kotero kuti ndere inkamera msanga ndipo zamoyo zinkafa kawirikawiri. Komabe anthu anakhamukirako. Kwa nthawi yoyamba mwana wa kalaliki wa mumzinda, amene sanapondepo gombe, ankatha kugunditsa mphuno yake pagalasi ndi kuona nkhanu ikuyenda pansi pa madzi.

Zamoyo zambiri za m'nyumbayo zinatoledwa kugombe la Weymouth ndi Philip Henry Gosse, munthu wopembedza kwambiri amene ankakhulupirira kuti kuyang'anitsitsa kanyama kakang'ono ka m'nyanja ndiko kuwerenga ntchito za Mlengi. Iyeyu ndiye anafalitsa dzina loti aquarium kudzera m'buku lake la mu 1854, lokhala ndi zithunzi zamitundu zimene anajambula yekha, momwe analangizanso owerenga mmene angasungire kanyanja kawokawo m'chipinda chochezera. Bukulo linayatsa moto umene mwini wake sanathe kuuzimitsa. Banja lililonse lopezako bwino linafuna bokosi lake lagalasi. Munthu wina, William Alford Lloyd, anatsegula sitolo mu London yogulitsa mabokosiwo, zamoyo za m'nyanja, mchenga, ngakhale madzi amchere oyezedwa ndi muyeso ngati mafuta.

Apa m'pofunika kuti tikumbuke kuti nyanja yamchere ili ndi khalidwe limene nyanja yathu ilibe. Madzi ake amaphwa ndi kubwereranso kawiri pa tsiku, ndipo akaphwa amasiya timaiwe m'matanthwe a pagombe. M'timaiwe timenemo mumakhala tinsomba, nkhanu, nkhono, ndi tamoyo tina tokakamira pamwala tooneka ngati maluwa. Ku Devon ndi ku Cornwall timaiweti tinakhala zaka zosawerengeka popanda wotisokoneza. Koma buku la Gosse litatuluka, alendo obwera kudzapuma kugombe anayamba kutsikirako ndi ndowa, nyundo ndi tchizulo, nagumula miyala, nakokolola chilichonse chokongola. Zambiri mwa zotoledwazo zinkafera m'njira, zina m'mabokosi a anthu osadziwa kuzisamala, ndipo pofika cha m'ma 1860 ambiri anali atatopa nazo, mabokosi atatayidwa kuseri kwa nyumba. Mwana wa Gosse, dzina lake Edmund, analemba mu 1907 m'buku lake lotchedwa Father and Son kuti timaiwe tija tinasanduka mabwinja, ndi kuti bambo wake yemwe anazindikira ndi chisoni kuti mabuku ake ndiwo anaitana okokololawo. Munthu amene anaphunzitsa mtundu wake kukonda zamoyo za m'nyanja ndi yemweyo amene, mosafuna, anawalozera kumene angakazitenge. Nkhani imeneyi tidzaimvanso m'mayiko ena ndi m'zaka zina, maina okha atasintha.

Chidwi chosunga nsomba kunyumba chitazirala, chidwi chokaziona m'nyumba zikuluzikulu chinakula. Lloyd uja, sitolo yake itagwa, anasanduka mmisiri wa nyumba zoterezi. Iye anaona kuti zomera zokha sizingakwanitse kutsitsimutsa madzi ochuluka, choncho anakonza zoti madzi azisungidwa m'zitsime zazikulu zamdima pansi pa nyumba, momwe ndere singamere, ndipo makina aziwapopa usana ndi usiku kuti azizungulira m'matanki onse. Anagwira ntchito imeneyi ku Hamburg, kumene nyumba ya nsomba inatsegulidwa mu 1864, ndi ku Crystal Palace mu 1871. M'zaka zomwezo amisiri anazindikiranso kuti woonerera akaima mumdima, kuwala kukamagwera m'madzi okha, maso ake amaiwala chipupa ndipo amamva ngati iye mwini ali pansi pa nyanja. Mdima umene ana athu amauopa polowa m'nyumba zimenezi lero unakonzedwa dala zaka zoposa 150 zapitazo. Paris inali ndi yake kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1860, Berlin inatsegula yake mu 1869, ndipo ku Naples, Mjeremani Anton Dohrn anamanga malo ofufuzira zamoyo za m'nyanja naikapo nyumba yoonetsera nsomba, imene inatsegulidwa mu 1874, kuti ndalama za pakhomo zizithandiza ntchito ya ofufuzawo.

Koma chimene chinasandutsa kukaona nsomba kukhala ulendo wa banja lonse chinali njanji ndi tchuthi. Mzinda wa Brighton uli pagombe, makilomita pafupifupi 80 kumwera kwa London, ndipo sitima yapamtunda inafikako mu 1841. Zaka makumi atatu pambuyo pake, mu 1871, nyumba ya malamulo ya Britain inavomereza lamulo la Sir John Lubbock lopatsa antchito a m'mabanki masiku anayi a tchuthi pachaka, ndipo posakhalitsa antchito ena ambiri anayamba kupumanso masiku omwewo. Chaka chotsatira, mwezi wa Ogasiti 1872, nyumba ya nsomba ya ku Brighton inatsegulidwa. Anaimanga ndi Eugenius Birch, ndipo m'kati mwake munali khonde lalitali la zipilala ndi denga lokhotakhota ngati la tchalitchi, matanki ali mbali zonse ziwiri. Tsono bambo wogwira ntchito mu London ankatha kudzutsa banja lake m'mamawa, kukwera sitima, kukaona zodabwitsa za pansi pa nyanja, kudya kamba wawo pamchenga, ndi kubwerera kwawo usiku womwewo. Nyumba imeneyo ikugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo palibe ina pa dziko lapansi imene yakhala ikuonetsa nsomba kwa nthawi yaitali chotere.

Chimene anthu ankafunitsitsa kuona ku Brighton sichinali nsomba kwenikweni koma octopus, chamoyo cha thupi lofewa ndi miyendo isanu ndi itatu yokhala ndi zokakamirira. Mu 1866 mlembi wa ku France, Victor Hugo, anali atatulutsa buku momwe munthu amalimbana ndi chilombo chimenechi m'phanga, ndipo owerenga anadzadzidwa ndi mantha osakanizika ndi chidwi. Henry Lee, amene ankayang'anira zamoyo za m'nyumbayo, anasimba zimene zinagwera octopus wawo woyamba. Anafika mu Okutobala 1872 nakhala mfumu ya nyumba yonse. Tsiku lina mu Januwale 1873 anasowa. Antchito atafufuza anaona kuti kashaki kena ka m'tanki yomweyo kali ndi mimba yotupa, ndipo atakatumbula anapezamo octopus uja wathunthu, atafa. Lee anasimbanso za octopus wina amene usiku ankakwera chipupa cha tanki yake, kulowa m'tanki yoyandikana nayo, kudya nsomba za mmenemo, ndi kubwerera kwake kusanache, kufikira m'mawa wina pamene anamupeza akadali kwa eni ake. Anthu amene anabwera kudzaona chilombo choopsa anapeza kanyama kamanyazi, kobisala m'miyala, kochenjera ngati kalulu wa m'nthano. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene anadekha patsogolo pa magalasi a ku Brighton anaphunzira zinthu zimene buku la Hugo silinawauze.

Odekha sanali ambiri, ndipo eni nyumbazi anazindikira msanga kuti nsomba zokha sizidzadza thumba. Ku Brighton komweko anawonjezerapo zoimbaimba ndi malo ochitira masewera padenga. Chitsanzo choipitsitsa chinali Royal Aquarium, chinyumba chachikulu chimene chinatsegulidwa mu 1876 moyang'anizana ndi Westminster Abbey. Dzina linali lachifumu, matanki anali aakulu, koma nsomba zinali zosowa, mwakuti anthu a mu London ankachita nthabwala za matanki opanda kanthuwo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Eni ake anatembenukira ku zisudzo, ndipo mu 1877 khamu linkadza kudzaona mtsikana wotchedwa Zazel akuponyedwa m'malere kuchokera mumzinga. Pomalizira pake malowo anagulidwa ndi mpingo wa Methodist, nyumbayo inagumulidwa mu 1903, ndipo pamalopo panamangidwa holo yaikulu ya mpingowo imene inatsegulidwa mu 1912. Ku America nako, katswiri wa zionetsero P. T. Barnum anabweretsa anamgumi oyera awiri kuchokera kumtsinje wa St Lawrence mu 1861 nawaika m'tanki ya pansi pa nyumba yake ku New York. Anafa pasanathe masiku. Anaitanitsa ena, nawonso anafa, anaitanitsanso ena, ndipo omalizira anapsera m'nyumbamo itagwira moto mu 1865. Barnum sanaone cholakwa, pakuti matikiti ankagulidwa.

Zaka za m'ma 1900 sitizitaya nthawi pozilongosola, popeza nkhani yake ndi ya kukula chabe. Ku Chicago, mzinda wa kutali ndi nyanja yamchere, nyumba ya Shedd inatsegulidwa mu 1930, ndipo madzi ake amchere, malita pafupifupi mamiliyoni anayi, anabwera pa sitima yapamtunda kuchokera ku Key West ku Florida. Ku South Africa, mzinda wa East London unatsegula yake mu 1931. Pambuyo pake amisiri anapeza njira youmbira mapulasitiki olimba, oonekera ngati galasi, amene amatha kupirira kulemera kwa madzi ochuluka ndi kupindidwa kukhala ngalande yoti anthu aziyendamo nsomba zikudutsa pamwamba pa mitu yawo. Tanki yaikulu ya ku Atlanta, m'nyumba imene inatsegulidwa mu 2005, imasunga malita pafupifupi mamiliyoni 24. Koma madzi ndi madzi ndithu: pa 16 Disembala 2022, tanki yaitali yoimirira m'hotela ina ya ku Berlin inaphulika m'bandakucha, madzi okwana malita miliyoni imodzi anasefukira mumsewu, ndipo nsomba pafupifupi 1,500 zinafa.

Chimene chinasintha kwenikweni m'zaka zimenezi ndi mtima wa oonerera. Ku Brighton kunali nyama za m'nyanja zotchedwa dolphin zimene zinkadumpha m'malere posangalatsa ana kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Patapita zaka makumi awiri anthu anayamba kufunsa ngati n'chilungamo kutsekera nyama yanzeru, yozolowera kusambira mitunda yaitali, m'dziwe laling'ono la m'nyumba. Mu 1991 ziwiri zomalizira za ku Brighton zinatengedwa pa ndege kukamasulidwa kunyanja ya Caribbean, ndipo pofika 1993 mu Britain monse munalibenso malo oonetsera nyamazi. Tiyenera kunena mosabisa kuti ambiri mwa odandaulawo anayamba kuzikonda nyamazo poziona m'maiwe omwewo ali ana. Galasi lomwelo limene linatsekera nyama ndilo linalera anthu oipempherera ufulu.

Nanga ife tikulowamo bwanji m'mbiri imeneyi? M'nyumba zambiri za nsomba ku Ulaya, ku America ndi ku Asia, mlendo akapitirira mashaki nafika kuchigawo cha madzi opanda mchere, amapeza tanki yodzadza miyala momwe mukusambira tinsomba tabuluu, tachikasu ndi tamizeremizere, ndipo pachikwangwani palembedwa dzina la nyanja yathu. Timeneti ndi mbuna. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, mazanamazana ndithu, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse.

Nsomba za m'nyanja yathu zinafika ku London koyamba zili zikopa zouma. Anazitola ndi John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone panyanjayi mu 1861, ndipo Albert Günther wa ku British Museum anazilongosola nazipatsa maina a Chilatini mu 1864, patangopita zaka khumi ndi chimodzi chitsegulire Fish House. Chikopa chouma sichionetsa mtundu, kotero palibe amene analota za kukongola kwake. Ethelwynn Trewavas anasanthula mitundu yambiri mu 1935, nabwera yekha kunyanja kuno mu 1939. M'zaka za m'ma 1950, Geoffrey Fryer anakhala ku Nkhata Bay akuyang'anitsitsa tinsomba ta m'miyala tili moyo, ndipo dzina loti mbuna, limene lero limatchulidwa m'masitolo a nsomba ku Tokyo ndi ku Hamburg, analimva kwa asodzi a Chitonga a kumeneko. Zamoyo zinayamba kutumizidwa kunja m'zaka za m'ma 1960, pamene ndege ndi matumba apulasitiki othiridwa mpweya zinapangitsa kuti kansomba kochoka ku Cape Maclear kafike ku Ulaya kasanafe. Pambuyo pake malonda amenewa anakhazikika ku Salima m'manja mwa Stuart Grant, amene analemba ntchito anyamata ambiri a m'mbali mwa nyanja monga omira ndi osamala nsomba.

Chimene chinakopa Azungu sichinali mtundu wokha. Patsogolo pa galasi anaona zimene msodzi aliyense wa kwathu amadziwa akatsegula kukamwa kwa chambo chachikazi napezamo mazira: kuti nsomba zimenezi zimafungatira ana m'kamwa. Mbuna yaikazi imatola mazira ake, niwasunga m'kamwa kwa milungu pafupifupi itatu osadya kanthu, kufikira tiana titatha kusambira. Anaonanso yaimuna ikulondera kamwala kake mwaukali ngati mwini munda pamalire, ndi mitundu ina imene yaimuna imaunjika mchenga kumanga bwalo lokopera yaikazi. Msodzi ankadziwa mbali ina, wofufuza mbali ina, ndipo tanki inaonetsa zonsezo kwa mwana wa sukulu wa ku Chicago. Kunena zoona, alipo ana a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene mbuna yamoyo anayamba kuiona ku Cape Town kapena ku London, popeza kwathu kuno tilibe nyumba yaikulu ya mtundu umenewu, ndipo si onse opita kunyanja amene amavala galasi la kumaso n'kusuzumira pansi pa madzi.

Nkhani ya timaiwe ta ku Devon inafikanso kuno, ngakhale mwa njira ina. Mbuna siyenda mtunda wautali. Mtundu uliwonse umakakamira miyala yake, mwakuti chilumba chimodzi chimatha kukhala ndi mtundu umene supezeka pachilumba choyandikana nacho. M'masiku oyamba a malondawa, nsomba zotengedwa kumadera ena a nyanja, monga ku Likoma, zinatayidwa m'madzi a pachilumba cha Thumbi West pafupi ndi Cape Maclear. Zina zinakhazikika, zinaswana, ndipo zinayamba kulimbirana malo ndi chakudya ndi eni dera. Zimene chilengedwe chinalekanitsa kwa zaka zikwizikwi zinasakanizika m'zaka zowerengeka, ndipo palibe ukonde umene ungazilekanitsenso. Kumbali ina, kutchuka kwa mbuna kunja kunathandiza kuti boma likhazikitse Lake Malawi National Park mu 1980, malo oyamba pa dziko lapansi otetezedwa makamaka chifukwa cha nsomba za m'madzi opanda mchere, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse. Lero mbuna zambiri zogulitsidwa kunja sizinaonepo nyanja ya Malawi. Zinabadwira m'maiwe a ku Florida ndi ku Asia ndi m'matanki a ku Ulaya, ndipo phindu lake limatsalira komweko.

Eni nyumba za nsomba masiku ano amakonda kunena kuti ntchito yawo yaikulu ndi kupulumutsa mitundu imene ikutha, ndipo mawuwa si opanda pake. Anzathu a kunyanja ya Victoria ali ndi umboni. M'zaka za m'ma 1950 m'nyanja imeneyo munaikidwa chinsomba cholusa chotchedwa Nile perch, ndipo chitachuluka m'zaka za m'ma 1980, pamodzi ndi kuipa kwa madzi, mitundu pafupifupi 200 ya tinsomba ta mtundu wofanana ndi mbuna ndi utaka inazimirira. Ingapo mwa mitundu imeneyo inapulumukira m'matanki a ku Ulaya ndi ku America, kumene akatswiri akhala akuiswetsa mwadongosolo. Mwana wa ku Mwanza kapena ku Kisumu amene afuna kuona nsomba zina zimene agogo ake ankakola angafunike chiphaso choyendera ndi tikiti ya ndege.

Koma tanki imasunga zochepa, ndipo kawirikawiri imasankha zokongola. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limasunga kaundula wa zamoyo zimene zili pangozi, linaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi nipeza kuti pafupifupi mtundu umodzi mwa khumi uliwonse uli pangozi yaikulu ya kutha. Pamwamba pa mndandandawo panalibe tinsomba tabuluu ta m'masitolo a ku Ulaya tokha ayi. Panali chambo, nsomba yotuwa imene mlendo woyenda m'makonde amdima aja angaipitirire osacheuka, koma imene yadyetsa ndi kuphunzitsa ana a ku Mangochi, ku Malombe ndi ku Salima kwa mibadwo. Mitundu itatu ya chambo inaikidwa m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu, makamaka chifukwa cha kusodza kopitirira muyeso ndi maukonde a maso ang'onoang'ono amene amakokolola ndi tiana tomwe. Za mtundu umodzi mwa itatuyo, umene asodzi a kumwera kwa nyanja amautcha lidole ndipo mabuku amaulemba Oreochromis lidole, akatswiriwo analemba kuti mwina unatha kale.